Carmina Burana ya Carl Orff: inachokera kuti, nanga pophunzira timvere chimbale cha ndani?

Nachisale, Mufakose

Moni nonse. Ndikulemba m'malo mwa komiti ya kwaya yathu. Tilipo pafupifupi 50, ochokera ku Mufakose, Kambuzuma ndi Highfield mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Ambiri timawerenga tonic sol-fa, a manotsi a pa mizere ndi owerengeka. Achinyamata akakamira kuti pa konsati ya mu Disembala tiimbe "O Fortuna", ija imamveka m'mafilimu ndi potsatsa malonda. Akulu ena a mpingo akuti poti ndi ya Chilatini ndiye kuti ndi ya mapemphero, tiimbire m'tchalitchi momwemo, ena akukayika.

Ndiye nyimboyi inachokera kuti, ndipo ikunena chiyani? Ndamva kuti ndi kachigawo chabe ka nyimbo yaikulu yotchedwa Carmina Burana. Yonseyo ndi yaitali bwanji, kwaya ngati yathu ingaithe? Pa YouTube zilipo mbwee, ena akuthamanga, ena akukoka, katchulidwe ka mawu nakonso n'kosiyana. Timvere ya ndani? Zoimbira tili ndi kiyibodi imodzi ndi ng'oma basi.

Chirwa, Mabvuku

Mayi Nachisale, akulu a mpingowo muwauze mwaulemu kuti si nyimbo ya m'tchalitchi ngakhale pang'ono. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 aliyense wophunzira ku Ulaya ankalemba m'Chilatini, kaya ndi za Misa, za malamulo, za mankhwala, kapena za mowa, njuga ndi chikondi. Ndakatulo zimene Orff anasankha ndi za gulu lomalizali.

Buku lake linalembedwa pamanja, pa zikopa, cha m'ma 1230. Linapezeka mu 1803 m'nyumba ya amonke ya Benediktbeuern ku Bavaria, kum'mwera kwa Germany, nthawi imene boma linkalanda katundu wa nyumba za amonke, ndipo lero likusungidwa ku Bavarian State Library mumzinda wa Munich. Muli ndakatulo ndi masewero 254, zambiri m'Chilatini, zina m'Chijeremani chakale, pena n'kusakaniza Chifalansa chakale. Dzina loti Carmina Burana anapereka ndi Johann Andreas Schmeller posindikiza bukuli mu 1847, potengera malo amene linapezeka, ngakhale akatswiri ambiri masiku ano amati linalembedwera kwina, ku Austria kapena ku South Tyrol. Alakatuli ake ambiri sadziwika maina. Anali ophunzira ndi anthu a tchalitchi oyendayenda, odziwa Baibulo ndi nyimbo za Misa bwino lomwe, n'chifukwa chake chipongwe chawo chimaluma.

Carl Orff anabadwira ku Munich mu 1895. Mu 1934 anagula buku la Schmeller kwa wogulitsa mabuku akale wa ku Würzburg, ndipo atangolitsegula anakumana ndi chithunzi cha Fortuna, mulungu wamkazi wa mwayi wa Aroma, ali ndi gudumu lake: mfumu ina ikukwera, ina yakhala pamwamba, ina ikugwa chisoti chikuthothoka, ina yapondedwa pansi. Mothandizidwa ndi Michel Hofmann anasankha ndakatulo 24, n'kupeka nyimbozo mu 1935 ndi 1936. Zinaimbidwa koyamba pa 8 Juni 1937 ku nyumba ya opera ya ku Frankfurt, wotsogolera ali Bertil Wetzelsberger, ndipo tsikulo panali zovala za sewero ndi magule, osati kungoima pa mizere monga timaonera lero. Zigawo zilipo 25 chifukwa "O Fortuna" imatsegula ndi kutsekanso, gudumu labwerera pomwe linayambira. Yonse imatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono.

Maimbidwe onse ndi a Orff. M'buku lakalelo ndakatulo zina zili ndi tizizindikiro ta nyimbo pamwamba pa mawu, topanda mizere, koma iye sanatengeko.

Zam'kati mwake zili chonchi. Nambala 1 ndi 2 ndi za Fortuna. Kuyambira 3 mpaka 10 ndi za nyengo imene chisanu chatha ku Ulaya, mitengo ikuphukira, anyamata ndi atsikana akuvina pa bwalo. Mu nambala 8 mtsikana akupempha wamalonda kuti amugulitse zopaka kumaso zoti anyamata azimucheukira. Kuyambira 11 mpaka 14 tili m'malo omwera mowa, ndipo akazi sayimbako. Mu 11 munthu akuvomera poyera kuti za chipulumutso cha moyo wake wazisiya, akusamala za thupi. Imeneyi yachokera mu ndakatulo ya mlakatuli wa m'ma 1160 wodziwika ndi dzina loti Archpoet. Mu 12 mbalame ya m'madzi yonga tsekwe, swan, ikudandaula ili pa moto kuti kale inkasambira m'nyanja ili yokongola, tsopano yada bii, ikuona mano akuinolera. Mu 13 mkulu wa amonke woledzera akulengeza, m'maimbidwe otsanzira a wansembe pa guwa, kuti wom'peza m'mawa pa mowa adzatuluka madzulo atavulidwa zovala pa njuga. Mu 14 amamwera akaidi, amoyo, Akhristu onse, akufa, amonke othawa, papa ndi mfumu. Kuyambira 15 mpaka 23 ndi za chikondi, ndipo sizibisa: 19 ikunena za mnyamata ndi mtsikana ali awiri m'kachipinda, 23 mkazi akudzipereka. Nambala 24 imatamanda mkazi wokongola ndi mawu obwereka ku nyimbo za Maria, koma pothera pake imatchula Venus, mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma.

"O Fortuna" payokha ikuti mwayi umasintha ngati mwezi, lero ukukula mawa ukuchepa, umasungunula umphawi ndi ulamuliro ngati madzi oundana, ndipo poti umagwetsa ngakhale wamphamvu, nonse lirani nane. Mulibe pemphero, mulibe Mulungu. Kwa mpingo wophunzitsa kuti zonse zili m'manja mwa Mulungu, uthengawu ukutsutsana ndi ulaliki. Bwerekani holo.

Gondwe, Avondale

Achimwene a Chirwa amaliza za mbiri, ine ndilowe pa zimbale.

Yambani ndi cha Eugen Jochum cha Deutsche Grammophon, chojambulidwa mu 1967 ndi kwaya ndi okestra ya Deutsche Oper Berlin. Oimba paokha ndi Gundula Janowitz, Gerhard Stolze ndi Dietrich Fischer-Dieskau, ana ndi a Schöneberger Sängerknaben. Orff mwini wake anachivomereza, koma chifukwa chenicheni choti muchimvere ndi chakuti mawu amamveka limodzi ndi limodzi. Kwaya inajambulidwa pafupi, holo siwirikiza mawu, liwiro siligwedezeka. Mvetserani "semper crescis aut decrescis": akuimba chapansipansi koma s aliyense akutha pamodzi. Stolze mu nambala 12 sayesa kukongoletsa, akulira ngati wopsa, ndipo ndi zimene nyimboyo ikufuna. Fischer-Dieskau mu 13 ndi chidakwa chenicheni. Musachisokoneze ndi china chimene Jochum yemweyo anajambula kale m'ma 1950 ku Munich, chimenecho ndi cha mono.

Chachiwiri ndingaike cha Rafael Frühbeck de Burgos cha 1965, New Philharmonia ya ku London, pa EMI. Kwaya ndi yaikulu, yolemera mabesi, soprano ndi Lucia Popp akali wamng'ono. Pamenepo gawo la baritoni analigawa kwa anthu awiri, Raymond Wolansky ndi John Noble, nzeru yoti muikumbukire tsiku lina mukadzafuna kuimba yonse, poti baritoni mmodzi woti athe nambala 4, 11 ndi 16 sapezeka wamba.

Cha André Previn cha 1974 ndi London Symphony Orchestra, muli Sheila Armstrong, Gerald English ndi Thomas Allen, n'chodekha, chopuma, chabwino pomvera zigawo za magule. Cha Herbert Blomstedt ndi San Francisco Symphony pa Decca, chimene chinapata mphoto ya Grammy, ndicho choyera makutu pa zonse. Ngati mukufuna kusiyanitsa alto ndi tena pakati pa phokoso, tengani chimenechi.

Ziwiri muzimvere pongosangalala, osati potsanzira: cha Riccardo Muti cha 1979 ndi Philharmonia, ndi cha Simon Rattle ndi Berlin Philharmonic chojambulidwa pa konsati zotsekera chaka cha 2004. Onse awiri amathamanga, ndipo kwaya zawo zimatha kutero chifukwa ndi anthu oti lilime analisula kale. Achinyamata anu akazolowera liwiro limenelo adzakukokerani dzanja pa pulakatisi iliyonse. Komabe Arleen Auger pa cha Muti, mu nambala 21 ndi 23, ndi woti soprano aliyense amumve.

Zina ndingotchula: Robert Shaw ndi Atlanta pa Telarc, chotchuka ndi kugunda kwa ng'oma yaikulu, James Levine ndi Chicago, 1984, Riccardo Chailly, amene nambala 12 anapatsa James Bowman, mwamuna woimba mawu a alto, m'malo mwa tena. Imeneyi ine sindigwirizana nayo. Orff anakweza tena mpaka D wa pamwamba dala kuti amveke akuvutika, ndiye ukapatsa munthu amene pamenepo m'pakwawo, mbalameyo sikupsanso.

Mukasaka pa intaneti mudzapezanso zimbale za dzina lomweli za Clemencic Consort, za m'ma 1970, ndi za Studio der frühen Musik ya Thomas Binkley, za m'ma 1960. Zimenezo si za Orff. Ndi anthu oyesa kudzutsa maimbidwe akale aja a m'buku, ndi zitoliro ndi zoimbira za zingwe zakale. N'zokoma, koma simungaphunzirireko.

Chenjezo pa kamvedwe. Pa sipika ya foni gawo lofewa silimveka, munthu amakweza voliyumu, n'kuzolowera kuti nyimbo yonse ndi ya mphamvu yofanana. Mverani pa mahedifoni kapena sipika yabwino, muike voliyumu yoti poyambira pasaboole makutu, kenako musaikhudzenso. Mudzadabwa kuti pakati pake m'pachete motani. Ola limodzi la nyimbo pa 128 kbps ndi pafupifupi 58 MB, vidiyo imadya kangapo kuposa pamenepo, choncho ya mawu okha ndi yokwanira. Makanema ena a pa YouTube anakwezedwa kapena kutsitsidwa kiyi, ena analembedwa dzina la wopeka wolakwika. Yesani ndi kiyibodi: kugunda koyamba kwa pansi kukhale D.

Nangozo, Tafara

A Gondwe, pa Jochum tagwirizana, koma mwasiya chimbale chimene kwaya iyi ikuchifuna kwambiri. Alibe okestra, ndipo sadzaipeza. Okestra ya Orff imafuna zitoliro ndi malipenga ochuluka, mapiyano awiri, celesta (kapiyano kolira ngati timabelu), timpani (ng'oma zazikulu zochunidwa pa noti) ndi anthu ena asanu a zogunda, kuwonjezera pa azingwe. Mu 1956 Wilhelm Killmayer, wophunzira wa Orff, anakonza mtundu wa mapiyano awiri, timpani ndi zogunda basi, ndipo Orff anauvomereza kuti makwaya ang'onoang'ono ndi masukulu aziimbako. Mtundu umenewu unajambulidwa pa BIS ku Sweden, kwaya ya Allmänna Sången, gulu la zogunda la Kroumata, mapiyano Roland Pöntinen ndi Love Derwinger, baritoni Peter Mattei, wotsogolera Cecilia Rydinger Alin. Amvere chimenecho kuti adziwe momwe iwo adzamvekere. Piyano ikagunda mawu amazima msanga, palibe mavayolini okugwirirani noti, ndiye kwaya imakhala pambalambanda.

Achemwali a Nachisale, yonse musaiyambe chaka chino. Soprano wa payekha amadumphira pa D wa pamwamba mu nambala 23, pambuyo pa nambala 21 imene ili pansi. Baritoni amafika A mu 11, ndipo mu 16 amalowa m'mawu aang'ono a m'mutu. Pamafunikanso kwaya ya ana mu 15 ndi 22, amuna asanu ndi mmodzi oimba popanda choimbira mu 19, ndi kwaya yogawika pawiri mu 20. Nambala 14 ndi ya amuna okhaokha ogawika magulu, ndipo m'makwaya athu a 50 amuna akafika 15 ndiye kuti zayenda. Zimene mungathe ndi 1, 2, 5, 7, 10, 24 ndi 25, mphindi zosapitirira 20. Nambala 24 musaisiye, chifukwa imathera molunjika mu 25, ndipo kugwa kumeneko, kuchoka pa chitamando kugwera pa gudumu, ndiko kumapatsa kubwereza kwa "O Fortuna" tanthauzo.

Kiyibodi imodzi ndi ya pulakatisi. Pa konsati pezani ziwiri za makiyi 88 olemera, kapena mapiyano awiri ochunidwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi; funsani ku Zimbabwe College of Music ndi ku masukulu amene ali ndi dipatimenti ya nyimbo. Timpani, ng'oma yaikulu ya bandi, zinganga zazikulu zomenyanitsa ndi tam-tam (chitsulo chachikulu chozungulira chopachika) ndizo zofunika pa nambala 1 ndi 25. Ng'oma zathu za chikopa zilibe noti yokhazikika, pomwe timpani iyenera kulira D weniweni.

Tsopano katchulidwe. Pali njira ziwiri, ndipo musankhe imodzi pa tsiku loyamba. Ya Chijeremani, imene mudzamve kwa Jochum: crescis ndi "kres-tsis", glaciem ndi "gla-tsi-em", egestatem ili ndi g wa mu "galu", quoque ndi "kvo-kve". Ya Chitaliyana, imene Akatolika anazolowera pa Misa: "kre-shis", "gla-chi-em", "e-je-sta-tem", "kwo-kwe". Chimbale chilichonse mungachidziwe mbali yake pongomvera mawu awiri aja, crescis ndi glaciem. Ine ndingasankhe ya Chijeremani, poti ts tili naye kale mu "tsiku" ndipo amadula bwino pa liwiro. Choipa ndi kusakaniza: theka la masoprano likuti "tsis", theka "shis", omvera amangomva mpweya.

Ife a Chichewa tili ndi mwayi pa mavawelo, a e i o u athu ndi oyera momwe Chilatini chimafunira. Zotipweteka ndi ziwiri. Choyamba, pakamwa pathu sipakonda kuthera pa konsonanti, ndiye crescis imasanduka "kresitsisi", fortem "foritemu", sors "sorosi". Vawelo yowonjezerayo imagwera pa malo opumira, ndipo mu nyimbo iyi malo opumirawo ndi mbali ya kugunda kwake. Mankhwala ake ndi kulankhula mawu popanda kuimba, kwayamasitala akuomba m'manja pa biti iliyonse, kuphatikizapo zopanda mawu. Aliyense womveka pa biti yachete abwereze yekha. Chachiwiri ndi l ndi r. Rota, luna, volubilis, sceleris, plangite: lembani r yense ndi cholembera chofiira, akhale wogubuduza lilime pang'ono.

Zina zimene zimalakwika kawirikawiri. Poyambira pali pang'onopang'ono, mabiti 60 pa mphindi, ndipo kwaya imalowa pambuyo pa kugunda koyamba kwa zoimbira, osati pamodzi nako. Wina amalowa msanga nthawi zonse, choncho onse apume mpweya pa kugundako. Pa "semper crescis" liwiro limapita pa 120 mpaka 132. Yambirani pa 96 ndi metronome ya pa foni, muzikweza ndi 8 pokhapokha mawu akamveka onse. Kupatula poyambira penipeni, ndime ziwiri zoyamba ndi za chapansipansi, mphamvu imabwera pa ndime yachitatu, "Sors salutis", pamene mawu amakwera. Makwaya ambiri amayamba kukweza pa "Sors immanis" chifukwa magazi atentha, pofika pachimake alibenso chowonjezera, ndipo masoprano asasa. Mawu ofewa asakhale onong'ona; liwu lichepe koma makonsonanti akule.

Noti zobwerezabwereza zimatsika kiyi pang'onopang'ono, makamaka kwa maalto ndi mabesi. Imbani ndime imodzi popanda kiyibodi, pothera mugunde noti, mumve kuti mwatsika motani. Chinanso, chizolowezi chathu chokometsera: pomwe Orff walemba kuti onse aimbe noti imodzi, tena wina amapeza kanjira kake kokoma, alto wina amatsetsereka polowa noti. M'nyimbo za kwathu zimenezo ndi luso, muno zimafewetsa chinthu chimene chiyenera kuuma. Noti yomaliza ya "plangite" ndi yaitali, zoimbira zikuthamanga pansi pake. Gawanani popumira, oyandikana asapume nthawi imodzi, ndipo wobwerera alowe mofewa.

Nambala 2 ndi 5 zili ndi ndime zitatu zitatu pa maimbidwe amodzi, ndiye manotsi amalowa msanga, vuto ndi kuloweza mawu. Mu 5 ndime iliyonse imathamanga kuposa inzake, musayambe ndi liwiro lonse. Nambala 7 imasinthasintha kawerengedwe ka mabiti, dzanja la kwayamasitala likhale lodziwa kale pomwe pakusintha, asamayang'ane pa pepala.

Za malo. Holo ya simenti yopanda anthu imawirikiza mawu, ikadzaza imauma, choncho pulakatisi yomaliza isakunyengeni. Zogunda ziikeni pambali, osati pakati pa kwaya ndi omvera, ndipo womenya tam-tam adziwe kuigwira kuti izime. Mwati Disembala: pewani holo ya malata opanda siling'i, chifukwa mvula ya madzulo ikangoyamba ndime ziwiri zofewa zija zapita. Ngati mukudalira makiyibodi, khalani ndi inveta kapena jenereta yoikidwa kutali ndi mazenera.

Nachisale, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, za m'tchalitchi zatheratu, tifunafuna holo. Mafunso awiri ena ochokera kwa kwayamasitala wathu. Tili ndi anyamata a marimba odziwa ntchito, kodi sangalowe m'malo mwa piyano yachiwiri? Nanga tingathe kulemba manotsiwo mu sol-fa n'kuchita fotokope, popeza mabuku 50 ochokera kunja ndi ndalama zambiri?

Gondwe, Avondale

Pa marimba pali zopinga ziwiri, ya kiyi ndi ya lamulo. Marimba a muno, amene anayambira ku Kwanongoma College of Music ku Bulawayo m'ma 1960, amachunidwa mu C ndi F sharp wowonjezera. "O Fortuna" ili mu D minor, imene imafuna B flat, ndipo pa marimbawo palibe. Zigawo zina zili m'makiyi ena, ndiye seti imodzi singakwanitse. Komanso timapepala ta pa mapaipi timene timapatsa marimba kulira kwake konjenjemera timadzaza malo amene Orff akufuna pakhale pouma. Kusintha kiyi kuti igwirizane ndi marimba kungaponye masoprano pamwamba posafikika kapena mabesi pansi posamveka. Anyamatawo muwagwiritse ntchito pa zogunda: manja awo ndi ozolowera kubwereza kachidutswa kamodzi osagwedezeka, ndipo xylophone ndi glockenspiel za mu nyimboyi adzazigwira msanga. Orff ankazikonda zoimbira zoterezi. Njira yake yophunzitsira ana, Schulwerk, imene anakonza ndi Gunild Keetman, yatsamira pa ma xylophone.

Za lamulo. Ndakatulo ndi zakale, zilibe mwini, koma maimbidwe ali ndi mwini. Orff anamwalira pa 29 Malichi 1982. Lamulo la muno ku Zimbabwe limateteza nyimbo zaka 50 mwini atamwalira, kutanthauza mpaka kutha kwa 2032. Ku Germany ndi zaka 70, mpaka 2052. Osindikiza ndi a Schott Music a ku Mainz, ndipo oyang'anira chuma cha Orff sachita nazo masewera: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 analetsa kudzera kukhoti chimbale cha gulu la ku Belgium la Apotheosis limene linasandutsa "O Fortuna" kukhala nyimbo ya m'madansi. Kuika marimba, kusintha kiyi, kulemba mu sol-fa n'kugawa, zonsezi ndi zofuna chilolezo chawo.

Alembereni imelo tsopano, osati mu Novembala. Munene kuti ndinu kwaya yosachita malonda, oimba angati, tsiku, holo ndi mipando yake, mtengo wa tikiti, muimba kangati, manambala amene mwasankha, kuti mukufuna mtundu wa Killmayer, ndiponso ngati mudzajambule kapena kuulutsa pa Facebook. Mufunse poyera za sol-fa, mufotokoze kuti ndi imene oimba anu amawerenga. Pali buku la kwaya lokha, lotsika mtengo poyerekeza ndi buku lalikulu lokhala ndi gawo la piyano. Lalikululo mukufuna atatu kapena anayi basi, a kwayamasitala ndi oimba piyano. Za chiphaso cha konsati funsani ku ZIMURA, bungwe loona za umwini wa nyimbo muno. Mukafuna kuonjezera magule ndi zovala za sewero, chimenecho ndi chilolezo china, chochokera kwa osindikiza.

Akakulolani sol-fa, Doh ndi F, Lah ndi D. Samalani pothera, pomwe nyimbo imatembenukira ku D major: F sharp ameneyo ndi "de", ndipo amene akumuimbawo akazengereza, mawu ogwirizana omaliza amamveka odwala.

Chirwa, Mabvuku

Ndionjezere ziwiri za pa pepala la pulogalamu, poti mwa omvera simulephera kukhala wodziwa mbiri.

Nyimboyi inabadwa mu ulamuliro wa Hitler, ndipo ndi bwino kulemba zimenezo nokha kusiyana n'kuti wina akufunseni. Itangotuluka, nyuzipepala ya chipani cha Nazi, Völkischer Beobachter, inaidzudzula, koma m'zaka za nkhondo inatchuka m'Germany monse. Orff sanali membala wa chipanicho. Chimene anthu amamudzudzula nacho kwambiri n'chakuti anavomera kupeka nyimbo za sewero la Shakespeare, A Midsummer Night's Dream, zimene zinaimbidwa ku Frankfurt mu 1939, nthawi imene za Mendelssohn zinali zoletsedwa chifukwa anali wa mtundu wa Chiyuda. Mizere iwiri kapena itatu yonena izi ndi yokwana. Mungatchulenso kuti pambuyo pake Orff anaiphatikiza ndi Catulli Carmina ya 1943 ndi Trionfo di Afrodite ya 1953 kukhala utatu wotchedwa Trionfi, ngakhale ziwirizo siziimbidwa kawirikawiri.

Chachiwiri, ikani tanthauzo la mawu pa pulogalamu, m'Chichewa ndi m'Chishona, ndipo oimba alione asanayambe kuloweza. Pa manambala amene Mayi Nangozo asankha, 7 ndi ya mtsikana wolira bwenzi lake lakwera hatchi n'kupita, ndipo 10 ikuti dziko lonse likanakhala langa kuchokera ku nyanja mpaka mtsinje wa Rhine, ndikanalisiya kuti mfumukazi ya ku England igone m'manja mwanga. Ndi ya mphindi imodzi yokha, koma ngati m'kwaya muli amayi a chigwirizano ndi akulu a mpingo, aidziwe mu Seputembala. Akaikana, ichotseni, muchoke pa 7 kupita pa 24, ndipo woimba piyano apereke noti yoyambira.